Yankho la Shubael Linachedwa Panyanja

Pachilumba cha Nantucket mwamuna ankakhala mlendo m'nyumba yake yomwe. Akapita kokasaka anamgumi ankatha zaka, ndipo mwana amene anamusiya akukwawa ankadzamupeza akuthamangitsa nkhosa kubusa. Merab Swain anali atauzolowera moyo umenewu. Mwamuna wake, Shubael, ankalamulira chombo, iye n'kumalamulira zonse zotsala kumtunda: nkhosa, munda, kasitolo ka nsalu ndi makandulo, komanso mwana wawo wamkazi, Avis.

Chombo chitatha chaka panyanja, Avis anabwera ndi nkhani. Reuben Bunker, mmisiri wokhoma migolo ya mafuta a anamgumi kudoko, anali atamufunsira.

"Nanga iweyo ukumufuna?" anafunsa Merab, manja ali pa ubweya umene ankapota.

"Ndikumufuna, amayi. Dzuwa likalowa amabwerera kwawo."

Merab anaseka mpaka ulusi unaduka. Pachilumbapo mwamuna wotere anali wosowa.

Tsiku lomwelo anasongola nthenga ya tsekwe n'kulembera mwamuna wake. Anamuuza za mphepo imene inasasula denga la khola, za chifuwa cha apongozi ake, kenako za Reuben, n'kupempha mawu ake monga bambo. Kalata imodzi sidalirika panyanja, choncho anakopera zina n'kumapatsira chombo chilichonse chonyamuka, kuti mwina china chikakumane naye kummwera uko.

Chisanu chinabwera n'kupita. Nkhosa zinametedwa. Yankho, zii.

Shubael anali ndi mkulu wake, Barzillai, amene anasiya zapanyanja atathyoka mwendo, ndipo ankadziyesa mlonda wa banja la mng'ono wake. Atamva kuti Merab akufuna kukapempha chilolezo cha ukwatiwo kwa amayi a mpingo wawo wotchedwa wa Abwenzi, anatulukira pasitolo ndodo ili gogogo.

"Alamu, mwayamba liti kuvala chipewa cha Shubael?"

"Tsiku limene anachisiya pamsomali, alamu. Denga litasasuka ndinadikira kalata? Nkhosa zitadwala ndinadikira kalata?"

"Mwana si nkhosa!"

"N'zoona. Nkhosa ukhoza kuitsekera m'khola."

"Mnyamata woti sanalasepo namgumi ndi mmodzi yemwe! Amuna anzake akamasimba zapanyanja, iye azisimba chiyani? Matabwa?"

"Mafuta onse aja munkanyadira inu, pakanapanda migolo mukanabwera nawo m'manja?"

Barzillai anatsonya n'kutuluka.

Kumsonkhano wa mpingo amayi achikulire anamufunsa Merab ngati bambo wa mwana wavomera. Merab anaimirira n'kuyankha.

"Sanavomere, sanakane. Komwe ali sitikudziwa. Ine mayi wake ndavomera, ndipo akadzabwera wodzayankha mlanduwo ndine."

Ambiri mwa amayiwo amuna awo analinso kunyanja. Anakhala chete kwa nthawi, monga mwa mwambo wawo, kenako analola. Avis ndi Reuben anaimirira pamaso pa mpingo, nagwirana manja, nalonjezana. Onse amene analipo analemba mayina awo papepala la ukwati, kupatula Barzillai, amene anati mwendo wamuvuta tsiku limenelo.

Kalata ya Shubael inafika Avis ali woyembekezera. Barzillai anakaitenga yekha kudoko, ndipo ulendo uno mwendo sunamuvute. Inali yamakwinya, yonunkha mafuta. Merab anamatula phula lotsekera kalatayo n'kuwerenga mokweza.

"Mkazi wanga wokondedwa, ndili moyo. Matenda anatitengera anthu awiri koma ine ndinachira. Za mnyamata wa kwa Bunker ndakana. Mwana wanga akwatiwe ndi munthu wapanyanja. Mudikire ndibwere."

"Mwamvatu!" anatero Barzillai.

"Ndamva. Ali moyo." Merab anapukuta misozi ndi nsonga ya epuloni. "Zinazo, alamu, madzi akatayika saoleka. Mumwa tiyi?"

Masana omwewo analemba yankho. Anafotokoza zonse mmene zinayendera, osabisa, osapepesa. Koma kalatayo inaphonyana ndi mwini wake panjira, chifukwa chombo chake chinali chitatembenuka kale.

Tsiku limene mbendera ya pachitunda inalengeza kuti chombo cha Shubael chaoneka, Merab anauza Avis ndi Reuben kuti akhale kunyumba. Ananyamula khanda lawo n'kutsikira kudoko yekha. Shubael anatsika atawonda, ndevu zitachita imvi. Anamugwira dzanja mkazi wake kwa nthawi yaitali, kenako maso anagwera pa kamwanako.

"Uyu ndi wa yani?"

"Mdzukulu wanu. Mwana wa Avis ndi Reuben."

"Kalata yanga simunailandire?"

"Ndinailandira, ndipo munalemba zilembo zooneka bwino. Kungoti inapeza ukwati utachitika. Ikanafika msanga tikanangokangana, chifukwa ine sindikanasintha maganizo."

Onyamula katundu anali atayamba kutchera khutu. Shubael anatsitsa mawu.

"Tikakamba kunyumba."

Anakakambadi. Shubael anamenya tebulo, nati wachititsidwa manyazi pamaso pa chilumba chonse. Merab anamusiya alankhule mpaka mawu anamuthera.

"Abambo, Avis ndinabereka inu muli kunyanja. Mchimwene wake ndinamuika m'manda inu muli kunyanja. Sindikudandaula, ndinakwatiwa nanu ndikudziwa, ndipo ndikanabwerera utsikana ndikanasankhanso inu nomwe. Koma Avis wauona moyo wanga kuyambira ali wamng'ono, ndipo wasankha wina. Ndani akanamuuza kuti sakudziwa chimene akukana?"

Shubael anatuluka kukaona nkhosa, ngakhale sankadziwa kuti zake ndi ziti.

Kwa masiku angapo sanamupatse moni Reuben. Kenako m'mawa wina anavala jekete n'kupita kumene mkamwini wakeyo ankagwira ntchito, cholinga chake akapeze chomunenera. Anagogoda mgolo uliwonse, nasuzumira m'kati, nadandaula kuti mikombero yachepa. Reuben anamuyankha mwaulemu koma osagonja, ndipo anatsutsana mpaka nthawi ya chakudya.

"Mnyamata ujatu ndi wamakani," anatero Shubael atafika kunyumba.

"Ndiye mugwirizana," anayankha Merab, akumuikira mbale ya msuzi wa nsomba.

Mawu oti wavomera sanatuluke pakamwa pake. Komabe miyezi imene anakhala kumtunda ankapezeka kawirikawiri kwa Avis, khanda lili pamwendo likumukoka ndevu, iye n'kumati wangodzera pomwepo.

Nyengo yofunda itabwerera chombo chinakonzedwanso. Atatsala pang'ono kukwera, Shubael anamukokera pambali mkazi wake.

"Muzilemba kawirikawiri. Za nkhosa, za denga, za mwana akamera mano, zonse. Koma muzindiuza zimene mwachita kale. Zondifunsa muzisiye, zimangondisowetsa mtendere pakati pa nyanja."

"Ndamva, abambo."

Merab anaima padoko mpaka matanga anabisika mu nkhungu. Kenako anakwera chitunda mofulumira, chifukwa amayi ofuna makandulo anali atayamba kale kugogoda pasitolo.