Magazi a aAndreya Anakwera Galimoto

Nkhondo itatha, Marita anabwerera kwawo ku Mualadzi, m'boma la Chifunde, ndi atate ake, aAndreya, atakhala zaka zisanu ndi ziwiri pamsasa wa othawa nkhondo ku Zambia. Amene sanabwerere nawo anali msuweni wake Boston, mwana wa mlongo wa aAndreya, yemwe anakulira m'nyumba mwawo. Iyeyo apadiri, ansembe a pamishoni, anamutola kumsasa konko chifukwa cha nzeru zake, n'kumutumiza kusukulu ku Lisboa, ku Ulaya.

Patapita zaka anatulukira ali Dotolo Boston, atavala nsapato zoopa fumbi. Udotolo wake sunali wochiza anthu ayi. Ankati amasanthula tinthu ta m'magazi timene munthu amatengera kwa makolo, kuti adziwe chifukwa chimene anthu okulira m'njala amadwalira shuga akayamba kukhuta. Anatenga magazi a anthu mazana awiri, kuphatikizapo a aAndreya, n'kulonjeza kuti mayankho abwera. Mvula inagwa zaka zisanu, osaoneka ngakhale kakalata.

M'zaka zimenezo aAndreya anayamba kumwa madzi ngati ng'ombe, thupi kutha, maso kuchita khungu. Kenako chitsa chinawabaya kuphazi akulima, bala n'kukana kupola.

Apo m'pamene Boston anabweranso pa galimoto yoyera, ali ndi ophunzira ake awiri achizungu omunyamulira chikwama. Anasonkhanitsa anthu pabwalo la sukulu.

"Zimene ndinapeza m'magazi anu zawerengedwa m'maiko makumi atatu," anatero akugwiragwira kolala. "Akatswiri oposa mazana anayi azitchula m'mabuku awo. Lero palibe angalembe za shuga osatchula dzina langa."

Anthu anaomba m'manja, poti wobwera pa galimoto sasowa omuombera. Marita anangopinda manja, n'kumudikirira kunyumba.

"Asuweni," anamufunsa atangokhala pampando, "m'magazi a atsibweni anuwa munapezamo chiyani?"

Nkhope ya Boston inawala. "Awawa ndiye chuma! Ndi nambala 37. Ndinaoneratu kalekale kuti adzadwala, ndipo taonani, zachitikadi. Ku Lisboa aliyense amaidziwa nambala 37."

"Munaoneratu? Ndiye mapepala anatha ku Lisboa kuti mulephere kutiuza?"

"Kafukufuku sayenda choncho, Marita. Zimafunika kutsimikiza kaye."

"Mwatsimikizatu. Si ilo phazi."

Boston analiyang'ana chapatali, n'kutseka mphuno ndi kansalu koyera. Kenako anapempha magazi ena, ati tsopano poti matendawo aonekera, magaziwo ndi ofunika koposa kale. Marita asanatsegule pakamwa, aAndreya anali atatambasula kale mkono.

"Musiye atenge, mwanawe. Ndi mwana wathu ameneyu. Watikweza."

Timabotolo titatu titadzaza, Marita anameza mkwiyo wake, n'kugwada monga amagwadira wopempha. "Mutitengeko pa galimoto yanuyi mpaka kuchipatala ku Tete. Phazili lafika poipa."

Boston anakanda kumutu. Mpando wakumbuyo, iye anati, unali wa bokosi lozizira la magazi, ndipo magaziwo akangotentha pang'ono ntchito ya zaka khumi yalowa m'madzi. Komanso fungo la balalo, alendo akewo sakanalipirira. Analonjeza kuti akalankhula ndi akuluakulu ena ake.

Marita anadzuka, n'kusansa fumbi m'maondo. "Tinkadyera mbale imodzi kumsasa, inu n'kumatha ndiwo. Ndimayesa njala, kani ndi mtima."

M'mawa mwake anabwereka njinga, n'kuwakweza atate ake pakaliyala, kuwamangirira ndi chitenje kuti asagwe. Anaikankha kulowera kumalire ku Cassacatiza, kuti akawolokere kuchipatala cha ku Zambia chimene ankachidziwa. Dzuwa litafika paliwombo, galimoto yoyera ija inawapitirira. Boston anatulutsa dzanja pawindo n'kubayibitsa, fumbi lonse kuwasiyira iwo.

Kuchipatalako mwendo anaudula m'munsi mwa bondo. Namwino anamuuza Marita kuti akanadziwa za shugayo zaka ziwiri m'mbuyomo, mapiritsi wamba ndi kusala zakudya zikanaupulumutsa.

Chaka chotsatira, nthawi yokolola, Marita akutong'ola chimanga pakhonde, wailesi inalengeza kuti mwana wa ku Chifunde, Dotolo Boston, wapatsidwa mphoto ku Ulaya. AAndreya anagwira ndodo zawo, n'kuyamba kuitana anthu a nyumba zoyandikana kuti adzamve. Marita anatsonya, n'kulowa m'nyumba kukawaphikira atate ake phala lopanda shuga.