Akamenya Rula pa Tebulo

Aphunzitsi a sayansi ankakonda kudzitama mu ofesi kuti mwana sasiyana ndi galu: ukamuzoloweza belu pa nthawi ya chakudya, likangolira dovu limachucha lokha. Belu lawo iwo linali rula. Akamaliza kufotokoza ankamenya tebulo kuti pha! ndipo kalasi yonse inkayankha kuti, "Inde, aphunzitsi!" Wochedwa kuyankha ankailawa rula yomweyo pazala. Pofika pakati pa chaka, ngakhale osinza kumbuyo ankayankha asanatsegule maso.

Tsiku lina kunabwera mayi woyendera sukulu, nakhala pampando wakumbuyo. Aphunzitsi anafotokoza mokoma mmene dzanja limathawira moto mutu usanaganize n'komwe. Pha! "Inde, aphunzitsi!" Mtima wa aphunzitsiwo unangoti myaa.

Kenako mayi uja anaimirira. "Ana inu, ndani angandiuze chimene chimachititsa dzanjalo kuthawa?"

Mwana wina ankakanda bondo, wina maso ali kudenga. Aphunzitsi anawatong'olera maso, anatsokomola, koma ana ankangoyang'ana rula ili chigonere patebulo.

"Mukundichititsa manyazi dala, eti?" anakalipa aphunzitsi, dzanja litatola kale rula iwo osazindikira. "Mukufuna mayiwa akanene kuti chaka chonsechi muno simunaphunziremo kanthu? Kuti ine ndimangodya malipiro aulere?"

Pha!

"Inde, aphunzitsi!" anayankha ana onse pamodzi, mokweza ndiponso mwaulemu, popanda wochedwa ngakhale mmodzi.