Mchere M'chimake cha Lupanga

Tsiku limene Bonaventure analowa ndi lupanga la ku Japan m'fulati yawo ku Barking, mayi ake, aNachisale, anakana kudya. Chitsulo chophera anthu chigone nyumba imodzi ndi zidzukulu zawo? Ndani akudziwa magazi amene chinamwa?

"Amayi, si langa," anatero Bonaventure. "Aphunzitsi anga a ku Greenwich andipatsa kuti ndilinole. Zaka zisanu ndi ziwiri ndakhala ndikungowatungira madzi n'kumaonerera. Likawakomera, ndine mmisiri. Likapanda kuwakomera, sadzandipatsanso lina."

Anawafotokozera kuti chitsulocho anachiyenga kuchokera ku mchenga wakuda ndi makala, n'kuchipinda kambirimbiri ngati chitenje. Mzere woyera wokhotakhota wa palupangapo ndi pamene panalekezera dongo lomwe anamata asanachiviike m'madzi chili psuu. Salikhudza ndi chala. Salankhulira pamwamba pake, malovu amabala dzimbiri.

Koma za mchere sananene. Mwana wawoyo atapita kuntchito, aNachisale anasolola lupangalo pang'ono m'chimake chake chathabwa, n'kuwazamo mchere, monga amachitira kwawo ku Dedza pothamangitsa zoipa.

Patatha masiku atatu, timadontho tofiira ta dzimbiri tinali mbwee pachitsulo. Bonaventure anangokhala pansi. Bola akanakalipa.

"Ndine, mwanangu. Ndimati ndikuteteze."

"Mwanditeteza ndithu, amayi. Mizimu yathawa, yatisiyira dzimbiri."

Anayambiranso kulinola. Milungu isanu ali chogwada, mwala ndi mwala, kuyambira wokhakhala mpaka timiyala topyapyala ngati chikhadabo, tosisita ndi chala chachikulu. ANachisale anaika mpando pakhomo pa chipinda chonolera, n'kusanduka mlonda.

"Brenda, ketuloyo uko! Nthunzi!" ankakuwira mpongozi wawo. "Inu ana, mukayetsemulire kukhonde!"

Tsiku lokalionetsa, aNachisale ndi Brenda anapita nawo. Mphunzitsiyo, nkhalamba ya manja onjenjemera, anaweramira lupangalo kaye ngati akulonjera mnzake. Analilozetsa kuwindo, kansalu kali pakamwa, n'kuyendetsa diso kuchokera kuchigwiriro mpaka kunsonga. Kenako analibwezera m'chimake.

"Panali dzimbiri chapafupi ndi chigwiriro," anatero, Brenda akuwamasulira aNachisale chonong'ona. "Walichotsa osadya mzere wa dongo. Ambiri amaudya."

Analowa kuchipinda, n'kutuluka ndi lupanga lina, lalitali kuposa loyambalo. Analipereka kwa Bonaventure ndi manja awiri.

ANachisale anafuna kululutira, koma anakumbukira malovu. Anatseka pakamwa ndi mpango, n'kubwerera chafutambuyo mpaka panja. Kumeneko, m'mbali mwa mtsinje, anaimasula nthungululu yonse, nkhunda n'kubalalika.

Atafika kunyumba anatenga chigubu cha mchere, n'kuchikhomera m'sutikesi yawo.

"Wofuna mchere azipempha kwa ine," anatero. "M'nyumba muno muli mmisiri."