Mmene Msewu Wathu Unawathandizira Bambo

Bambo anga anali wometa, ndipo anali ndi mphumu. Zinthu ziwirizi aliyense mumsewu wathu ankazidziwa, chifukwa mwamuna aliyense anakhalapo pampando wawo wong'ambika chotsamira uja n'kuwamva akupumira m'khosi mwake ngati ketulo yoyamba kuwira. Akafika pakati pa mutu ankaima, n'kutulutsa kopopera m'thumba la malaya, kupopera mkamwa, kenako n'kupitiriza nkhani ya mpira pomwe anaisiyira. Ndiye pasapezeke munthu wodzandiuza kuti sankadziwa.

Mliri utafika, boma linalamula m'bindikiro. Misika, mabala, masukulu ndi malo ometera, zonse zinatsekedwa. Ine ndinasangalala, ndisaname. Ndimagwira ntchito kufakitale ya sopo, ndipo ife sanatitsekere, popeza sopo ndiye ankafunika kuposa kale. Chakudya m'nyumba chinalipo. Ndinakhoma loko pakachipinda kometera, makina ndinawakulunga m'thaulo n'kuwaika pamwamba pa kabati, ndipo ndinawauza bambo kuti ntchito yawo tsopano ndi kukhala pansi n'kumamvera wailesi. Namwino wa kuntchito kwathu anali atandiuza mosapita m'mbali kuti munthu wa chifuwa chotero akangowatenga matendawa, kudzuka n'kovuta. Ndikaweruka ndinkavulira zovala kubafa, kusamba kaye, ndipo ndinkagona kukhitchini kuti mpweya wanga usakumane ndi wawo. Mayi anatisiya kalekale. Munthu amene ndinatsala naye anali yemweyo, ndipo ndinkangofuna kuti m'bindikiro ukamadzatha adzatuluke pageti ali moyo.

Pakona pa msewu wathu pali golosale, ndipo eni ake tinkawatchula kumbali kuti Mayi Tithandizane, chifukwa liwu limeneli silinkachoka pakamwa pawo. Iwowa anatsegula gulu la pafoni la msewu wonse. Zoyambirira zinali zabwino, ndivomere. Anthu anagwirizana kuti asamakagule zinthu kutali, azigula pompano. Telala anasoka mamasiki, tonse tinagula. Mayi wophika buledi ankatipachikira buledi pamageti m'majumbo. Nkhalamba ya kunyumba yomaliza tinkaitungira madzi mosinthana. Koma Mayi Tithandizane anali ndi lamulo lawo limene ankanyadira nalo kwambiri, lakuti mumsewu uno munthu sapatsidwa zaulere, zaulere zimachotsa ulemu. Munthu amapatsidwa ntchito, ndipo amene ntchito yake yaima, tizimupititsira pakhomo.

Tsiku lina ndikuchokera kuntchito ndinapeza tsitsi kuseri kwa nyumba, pafupi ndi mpopi. Linali losesedwa mwachangu, lakuda losakanikirana ndi imvi. Mpando wa patebulo unali panja, chingwe cha magetsi chikulendewera pawindo.

"Bambo, tsitsi ili ndi la ndani?"

Anamwetulira akuyang'ana pansi. "La telala ndi la kalipentala. Anthu andikumbukira, mwanangu."

"Tinagwirizana chiyani ine ndi inu?"

"Nanga munthu wabwera mpaka pakhomo, wakhala kale pampando, ndimuuze kuti dzukani muzipita?"

Sindinasambe n'komwe, ndinalunjika kugolosale. Pakhomo pake anali atamangapo chingwe kuti ogula asayandikire, ndipo katundu ankaperekera pathabwa lalitali, iwo ali mkatikati ndi mamasiki awiri kukamwa.

"Mayi, ndapota nanu, anthu asamabwere kwa bambo. Chifuwa chawo mukuchidziwa."

"Iii, mwanawe! Ukufuna bambo ako azidyera m'manja mwako ngati khanda? Mwamuna ukamukhazika pansi amadwala maganizo."

"Ngati mukufuna kuwathandiza muziwaimbira foni. Mwina muwatumizire shuga."

"Ife sitipereka zaulere, ukudziwa. Ndipo anthu akumapita atavala mamasiki."

"Munthu amametedwa ndevu atavala masiki?"

"Tabwerera m'mbuyo pang'ono," anatero, "ukugunda chingwe."

Madzulo omwewo pagulu panabwera uthenga wosatchula dzina, wakuti ana ena akangopeza kantchito amayamba kunyada mpaka kutsekereza madalitso a makolo awo. Ma ameni anagwa ngati mvula. Ndinkawerenga uku bambo ali pabalaza akupukuta makina awo ndi kabulashi, akuimba chamumtima.

Kuchokera pamenepo kumetedwa kunasanduka mpikisano. Mwamuna akachoka kwathu ankajambula mutu wake n'kuutumiza pagulu, Mayi Tithandizane n'kuyankha kuti Mulungu akudalitseni. Amene sanapite ankafunsidwa poyera kuti akudikira chiyani. Dalaivala wa takisi, munthu wa dazi loti ntchentche imaterereka, naye anabwera kuti amuchotse titsitsi ta m'mbali mwa makutu. Ena ankabwereza tsitsi lisanamere. Onse ankabwera masana ine kulibe, kudzera pampata wa mpanda wa kuseri kuti apolisi asawaone.

Ndinayesa zonse. Ndinatenga makina kupita nawo kuntchito m'chikwama. Pobwera ndinapeza bambo akumeta ndi sizasi yomwe telala anawabwereka, nkhope yawo ili pafupi ndi nkhope ya munthuyo kuposa kale, ndipo mutu umodzi unkatenga nthawi yaitali. Ndinabweza makina ndi manja angawa. Ndinatseka mpata ndi lata lakale, m'mawa mwake lata linali litatsamira bwinobwino pakhoma. Ndinawakalipira bambo, chinthu chimene ndinali ndisanachitepo chibadwire.

"Ukuganiza kuti sindikuopa?" anandifunsa motsitsa mawu. "Ndikuopa. Koma ndikawabweza lero, mliri ukadzatha adzabwera ndani? Adzati wometa uja ndi wamatama, tinamupititsira thandizo anatitsekera chitseko. Ndinakhala nawo anthuwa iwe usanabadwe."

Chomwe chinkandipweteka kwambiri n'chakuti ankasangalaladi. Ankadzuka m'mawa, kusita malaya oyera aja, kukonza malezala ndi botolo la sipiliti pa kasitulu. Msana wawo unawongoka. Ndinkadana ndi chimwemwe chimenecho, ndipo ndinkadzida ndekha chifukwa chodana nacho.

Amene anatsala osametedwa anali wabutchala. Anali chigonere, mkazi wake akuti ndi kachimfine chabe. Pagulu anayamba kumuseka. Wina anafunsa ngati tsitsi lakelo akufuna kudzalukitsa, wina anati anthu ena nyama yawo timagula koma iwo kuthandiza anzawo ayi. Mayi Tithandizane analemba kuti msewu wonse watha, watsala munthu mmodzi yekha. Munthuyo anadzuka pabedi, kuvala jekete dzuwa likuswa mtengo, n'kubwera kudzakhala pampando wa bambo.

"Khosi lake linkatentha ngati nsimbi," bambo anandiuza madzulo ake. "Ndinamva m'zala. Koma ndinali nditayamba kale, sindikanamusiya mutu uli mbali imodzi. Pa ndevu m'pamene anayamba kutsokomola."

Chithunzi cha mutu wa wabutchala chinafika pagulu, ndipo anthu anaombera m'manja kuti msewu wathu wakwanitsa.

Sabata isanathe bambo anasiya kumva kukoma kwa tiyi. Kenako kunabwera kutentha thupi, kenako chifuwa. Wabutchala anachira, anali munthu wamphamvu zake. Nkhani itamveka kuti wometa wagona, pagulu panachitika msonkhano, ndipo anapeza kuti matenda anabwera ndi ine. Nanga si ndine ndinkatuluka tsiku ndi tsiku kukasakanikirana ndi anthu osadziwika kufakitale? Amuna onse amene anametedwa anayamba kudandaula kuti banja lathu laika miyoyo yawo pachiswe, iwo atabwera ndi mtima wabwino. Ndisanamalize kulemba yankho, anandichotsa pagulupo. Buledi anasiya kufika pageti. Wina anathira mankhwala onunkha kuyambira pageti mpaka m'ngalande, ndipo ana ankawoloka msewu akamadutsa pakwathu.

M'mawa wina ndinawapeza atakhala tsonga pabedi, milomo itatuwa, kopopera kali m'manja koma sikakuthandizanso. A ambulansi ndinawaimbira mpaka foni kutentha, ankangoti zonse zatuluka. Ndinathamangira kwa dalaivala wa takisi, nyumba yachitatu kuchokera kwathu. Sanatsegule chitseko, anasuzumira pawindo.

"Achimwene, bambo akulephera kupuma. Tiperekezeni kuchipatala."

"Pepani, chemwali. Galimotoyi ndi yomwe ikunyamula katundu wa golosale, msewu wonse ukudalira imeneyi. Ikalowa matenda tonse tagona ndi njala. Gulu linagwirizana."

"Anakumetani bambo amenewa. Munalibe ngakhale tsitsi loti amete!"

Anatseka katani.

Ndinaima pakati pa msewu n'kukuwa. Sindikukumbuka zomwe ndinanena, koma zinali zoti mwana wolera bwino sanena. Mayi Tithandizane anatuluka n'kuima kuseri kwa chingwe chawo.

"Usalire, mwanawe, sitingakusiye wekha. Si chikhalidwe cha msewu uno."

Analankhula pafoni pang'ono, ndipo posakhalitsa mmisiri womanga nyumba anatulukira akukankha wilibala yake. Anaisiya pakati pa msewu, n'kubwerera chafutambuyo.

"Usavutike n'kubweza," anatero mayiwo. "Takupatsa."

Inali ndi simenti youma m'mbali. Ndinayalamo bulangete ndi pilo, n'kuwanyamula bambo. Anali opepuka moti ndinachita mantha. Miyendo inkalendewera kutsogolo, tayala likulira. Pamene tinkadutsa, makatani ankasuntha nyumba ndi nyumba, ndipo m'mawindo munkaoneka mitu ya amuna, yonse yometedwa bwino, mizere ya pachipumi yowongoka. Bambo anandikoka mkono, ndinawerama kuti ndimve.

"Ndifunditse kumaso," ananong'ona. "Makasitomala angandione."

Ndinawafunditsa thaulo.

Chipatala chili kuseri kwa chitunda, ndipo pokwera ndinkaima kawirikawiri kuti ndione ngati thaulo likuyendabe. Pageti mlonda anandiimitsa patali. Anamwino awiri ovala zapulasitiki thupi lonse anabwera ndi machila, anawanyamula bambo, mmodzi anatenga nambala yanga ya foni. Anati abale saloledwa kulowa, ndizipita, andiimbira. Bambo anali maso. Anakweza dzanja pang'ono n'kunena chinachake chimene sindinamve, namwino ndi amene anatembenuka n'kundiuza kuti akuti ndikadye. Ndinakhala pamwala kunja kwa geti mpaka mlonda anandithamangitsa. Wilibala ndinaisiya pomwepo.

Ndinafika mumsewu wathu dzuwa litapendeka, manja atatuluka matuza. Ndili chapatali ndinamva phokoso limene linali litasowa chiyambire m'bindikiro, la kupala matabwa. Shedi ya kalipentala inali yotsegula. Iye anali atawerama pabenchi, pensulo kukhutu, zopalidwa zitaunjikana kumapazi. Pakhoma panatsamira matabwa aatali awiri ndi ena aafupi. Mayi Tithandizane anali ataima chapatali akuyang'anira ntchito, ndipo atandiona anandikodola.

"Wafika, mwanawe? Ima pomwepo, ndikumva. Usade nkhawa ndi chilichonse, gulu lakhala pansi. Tati bokosi lisakagulidwe kutali, lipangidwe pompano. Mnzathuyu naye ana ake akuvutika, chitsekereni sanakhomepo msomali."

Ndinayang'ana matabwa aja, ndinayang'ana iwo.

"Bambo anga sanamwalire."

"Eee, tikudziwa, ndipo tikuwapempherera. Koma masiku ano maliro a matendawa sagona, amaika tsiku lomwelo. Ukufuna adzawakulunge m'pulasitiki ngati munthu wopanda anansi?"

"Ali moyo! Ndawasiya akulankhula!"

Kalipentala anasiya kupala. Ankaoneka wamanyazi, ndipo ndikuganiza kuti ankafuna kundikhazika mtima pansi.

"Sindikuvutitsani ndi miyezo, chemwali," anatero. "Ndinawaona bwinobwino tsiku lomwe ankandimeta. Amandifika paphewa."

Pamenepo foni inalira m'thumba mwanga. Nambala inali yachilendo. Ndinaiyang'ana ikulira, kenako ndinayankha. Mawu a mayi wotopa anafunsa ngati ndine mwana wa bambo amene anabwera pa wilibala aja. Ndinati ndine. Anayamba ndi pepani.

Sindinalire pomwepo, ndinangokhala pansi m'fumbi foni ili kukhutu. Palibe amene anasuntha kuti adzandigwire. Mayi Tithandizane anapukusa mutu mwachisoni, n'kutembenukira kwa kalipentala.

"Mwaona? Tikanadikira bwenzi pano tikuthamangathamanga."

Kalipentala anachotsa pensulo kukhutu, anawerama, n'kulemba mzere pathabwa.