Yadi ya Stelia

Sukulu ya atsikana ya kumtunda kuja inali ndi ngongole ya a Mailesi, ndipo a Mailesi sanali munthu woiwala ngongole. Imene ankafuna inali ndodo. Ankaidandaula pachitsime, pamtondo, ngakhale potuluka m'tchalitchi, mpaka amayi anzawo a ku Lisungwi akawaona akubwera ankasenza mitsuko isanadzaze.

Chaka chotsatira njala ya fote naini, mwana wawo woyamba, Stelia, anamwalira kusukuluko ndi malungo, mvula ili pakati. Mitsinje inali itadzaza, uthenga unachedwa, ndipo pamene a Mailesi ankafika anapeza mwana ataikidwa kale kuseri kwa tchalitchi cha mishoni. Analira. Atatha kulira anafunsa zimene mayi aliyense akanafunsa: bango lili kuti? Paja maliro amayezedwa ndi bango. Adzukulu, okumba manda aja, amadula bango, amayeza mtembo, amayezera dzenje, kenako bangolo limagona m'manda momwemo pambali pa mwini wake. Msinkhu wa munthu wakufa sutsala kunja. Ukatsala umafuna wina woti auvale.

Koma tsiku lija kunalibe adzukulu. Anayeza mwanayo ndi a Gerishon, aphunzitsi aakulu, kuti bokosi likhomedwe, ndipo anamuyeza ndi yadi, ndodo yoyezera nsalu ya m'kalasi yosoka, yokhala ndi mkuwa kunsonga zonse ziwiri. Atatha anaipukuta ndi kuibwezera pa msomali wake.

A Mailesi anaiitanitsa ndodoyo tsiku lomwelo. A Gerishon anati ndi katundu wa mishoni, inachokera kutsidya kwa nyanja, ndipo adona, mzungu woyang'anira sukulu, adzaifuna. A Mailesi atakweranso phiri nthawi yokolola anapatsidwa nsalu ya biriwita, anaisiya pakhonde pomwepo. Kenako a Gerishon anatumiza tambala. Tambalayo a Mailesi anadya, koma anabweza mawu kuti tambala ndi tambala, ndodo ndi ndodo. Pomaliza anauzidwa kuti Mkhristu saopa bango, akapitiriza nkhani ipita kwa akulu a mpingo.

Ngati kuti zimenezo sizinakwane, achimwene awo a William, eni mbumba, anatenga Yunike, mng'ono wa Stelia, kukamusiya kusukulu yomweyo. Ankafuna kuti m'mbumba mukhale mmodzi wodziwa kuwerenga. A Mailesi analalata mpaka mawu anasasa, koma mwini mbumba ndi mwini mbumba.

Tchuthi chachikulu chinafika, tchire likupsa, ana a kusukulu zina anabwera ndi mitolo yawo, Yunike osaoneka. Kunangobwera uthenga woti atsikana atsalira kukumba mbatata ya kachewere m'munda wa sukulu. A Mailesi anadikira mwezi unaoneka, unakula, unafa. Basi, anamanga nsalu m'chiuno, anadula bango lalitali m'mbali mwa Lisungwi, anakoloweka khasu paphewa, ulendo kukwera cha ku Dambe.

Anafika dzuwa lili pamutu. Sukuluyo inali yozingidwa ndi mpanda wa nkhadze, ndipo pakati pa bwalo panali mtengo wa mbawa pamene anapachika chitsulo chimene ankachiimba ngati belu. Pansi pa chitsulocho panali atsikana, onse m'madiresi obiriwira a sukulu, mitolo yomanga kale ili pamiyendo. Wogwira khasu panalibe. Ataona munthu wamkulu anaimirira. Mitu yonse inali yofanana ndendende, ngati nsungwi zodulidwa ndi chikwanje chimodzi. Yunike, amene anatengera kutalika kwa bambo ake ndipo anachoka kumudzi atawapitirira kale amake, anathamanga kudzawakumbatira, mutu wake n'kulekeza pachibwano pawo. Malo amenewo a Mailesi ankawadziwa. Mpamene mutu wa Stelia unkalekeza akamamutula mtsuko.

Yunike anafotokoza zonse. Chaka chikuyamba, atsikana onse anayezedwa ndi yadi ija kuti asokeredwe madiresi. Nsalu ankadula zosiyana, koma madiresi ankatuluka ofanana, ndipo aliyense linamukwana. Aatali ankamva mafupa kuwawa ngati akusindikizidwa, aafupi ngati akukokedwa. Tsiku lotsekera anatuluka pachipata, anatsika kukamtsinje ka kumunsi, anaponda miyala yowolokera, koma tsidya linalo anapezako mbawa ndi chitsulo chomwe chija. Ankayesa m'mawa uliwonse. Ndipo nthawi zonse pamiyalapo pankayamba kuoneka mapazi onyowa a munthu wosaoneka, akuwatsogolera.

A Mailesi sankakhulupirira za m'kamwa. Anamugwira mwanayo padzanja molimba, mpaka kumtsinje. Mapazi aja anawaona ndi maso awo, aang'ono, chala chachikulu chopindikira m'kati ngati cha Stelia. Analuma mano n'kuwoloka. Ataponda tsidya anapeza akufumbata mphepo, ndipo kumtunda kutali, cha kuchitsulo, anamva Yunike akuwaitana.

Anakweranso osapuma, molunjika kunyumba ya aphunzitsi aakulu. A Gerishon anali pakhonde, atavala jekete yakuda kukutentha chonchija, mkono wamanja ataufungatira pachifuwa. Anali atawonda, maso atalowa m'kati. A Mailesi sanagwade, sanafunse ngakhale za moyo.

"Adzukulu, dzukani. Ntchito munaisiyira panjira."

"Amake Stelia, ine ndine mphunzitsi. Si mdzukulu ayi."

"Woyeza maliro ndi mdzukulu, kaya avale jekete kaya chiguduli. Ndipo kunyoza mdzukulu si mlandu, nde musandiyambe. Yadi ili kuti?"

A Gerishon anayamba kuzungulira. Anati akhala akupemphera ndi anawo m'mawa ndi madzulo, zitha. A Mailesi anafunsa ngati pemphero linawolotsapo ngakhale mmodzi. Anati adikire adona, amene anapita kwawo kukapuma, abwera ndi mvula. A Mailesi anati mwana wawo sadya mvula. Anati chabwino, atenge mtengowo koma mkuwa wa kunsonga utsale, kuti adona akadzafunsa adzanene kuti yadi inadyedwa ndi chiswe. A Mailesi anafunsa ngati si mkuwa womwewo umene unagunda pamapazi a Stelia. Apo a Gerishon ananena chenicheni, kuti zikamveka kuti aphunzitsi aakulu, mkulu wa mpingo, akwirira katundu wa mishoni m'manda chifukwa choopa mizimu, ntchito yatha, ndipo alibe munda kulikonse.

A Mailesi anaponya bango lija pamapazi pawo. Anati alilembe mizere ndi inki, adona aziyezera limenelo, nsalu siidziwa kusiyanitsa. Akakana, iwo atsika phiri lero lomwe, ayenda mudzi ndi mudzi kuyambira ku Dambe mpaka ku Luwani kuuza abambo ndi amalume a atsikanawa mbatata imene ana awo akukumba, ndipo abwera nawo ndi zikwanje.

A Gerishon anatola bangolo. Kenako anati naonso chiyikireni maliro aja sanawolokepo kamtsinjeko. Amayi awo anamwalira chaka chatha, iwo sanapite, abale anati sukulu yawapatsa matama. Analowa m'kalasi yosoka n'kutuluka ndi yadi.

Manda a Stelia anali kumapeto, pafupi ndi nkhadze. A Mailesi anapatsa a Gerishon khasu, paja mayi sakumba manda a mwana wake. A Gerishon anakumba ndi dzanja lamanzere lokha, kangalande m'mbali mwa mtumbira, thukuta likuyenderera m'jekete. Anagoneka yadi m'menemo. Asanakwirire, a Mailesi anatuma atsikana kuti akayese kuwoloka. Anatsika ndi mitolo yawo akuthamanga. Posakhalitsa kunamveka kulira kuchokera kuchitsulo.

A Mailesi anayang'ana yadi m'dzenjemo, anayang'ana mtumbira. Ndodoyo inkalekeza panjira.

"Stelia anali wamfupi, koma osati chonchi. Kotsalako munayeza ndi chiyani?"

A Gerishon anakhala pansi pa dothi lomwe anakumbalo. Anati asanapite kukaphunzira uphunzitsi anagulitsapo nsalu m'sitolo ya mmwenye, kumene amayi akumudzi sankakhulupirira yadi, ankafuna mkono. Dzanja linazolowera. Tsiku lija, mvula ikugwa, wokhoma bokosi akudikira, yadi italekeza pachifuwa pa mwanayo iwo anangogoneka mkono wawo, kuyambira pachigongono mpaka kunsonga ya chala, n'kufika pamutu. Anatambasula mkonowo kuti a Mailesi aukhudze. Unali wozizira ngati mwala wa pansi pa madzi, ndipo anati wakhala choncho chiyambire tsikulo.

A Mailesi anayang'ana mkono, anayang'ana khasu. Linali lakuthwa, analinola okha dzulo lake. Analiganizira ndithu, ndipo a Gerishon anaona kuti aliganizira. Kuchitsulo kuja Yunike anali akulirabe.

A Mailesi anafunsa a Gerishon chimene anavala tsiku lamalirolo. A Gerishon anati jekete yomweyi, ya paukwati wawo, ina alibe. Anawafunsa ngati anapinda mkono wa jeketeyo poyezapo. Anati ayi, kunkazizira.

A Mailesi anawavula jeketeyo ngati akuvula mwana, anatulutsa mpeni m'chiuno n'kudula mkono wamanja wa jeketeyo paphewa penipeni. Kenako anagwada kumutu kwa manda, n'kuyankhula ndi mawu omwe ankagulitsira nyemba pamsika.

"Stelia, ndine amako. Yadi yako ndi imeneyo, mkuwa ndi mkuwa womwe. Mkono wa mnofu sindikupatsa, ungandiitanire apolisi a ku boma, Yunike n'kutsala yekha. Umene unakukhudza ndi wa nsalu, nawu. Unayenera kulekeza pachigongono, koma ndakudulira mpaka paphewa, kumeneko ndi basela. Ukakana ndizula ndi yadi yomwe, ukhale choncho."

Kunali zii. Ngakhale mbalame sizinkalira. A Mailesi anapereka nsaluyo kwa a Gerishon, poti woika ndi woyeza yemweyo, ndipo anawauza kuti aike ndi dzanja lomwe linalakwalo. A Gerishon anagona chafufumimba n'kulowetsa mkono m'kangalande kaja kuti agoneke nsalu kumapeto kwa yadi. Dzenjelo linali lofika m'chigongono basi, koma mkono unapitirira, unalowa mpaka phewa linagunda dothi, tsaya n'kukanikizika pamtumbira. Sanakuwe. Anangotulutsa maso, miyendo ikupalasa, chinachake chikuwakokera pansi.

A Mailesi anamenya mtumbira ndi chikhato, ngati mmene ankamenyera kadzanja kakalowa mumphika wa ndiwo alendo asanadye.

"Iwe, tasiya. Tagwirizana nsalu. Usandichititse manyazi pamaso pa anthu."

Kukokako kunaima, koma sikunasiye. A Mailesi anatambasula dzanja n'kugwira nsonga ya yadi ngati akuizula. Pomwepo a Gerishon anagwa chagada, mkono uli m'mwamba, wofiira ndi dothi, pamkono pali zipsera za tizala. Anaukhudza ndi dzanja linalo n'kuyamba kulira ngati mwana, chifukwa unali wofunda. Chala chaching'ono chokha chinali chitapindika, chouma ngati kamtengo, ndipo sichinawongokenso. A Mailesi anachiona. Stelia anatengera amake, sankachoka pamsika asanaonjezeredwe.

A Gerishon anakwirira ndi manja onse awiri. A Mailesi anapondaponda dothilo kuti chiswe chokha chidziwe, anatola khasu lawo, n'kukusa atsikana onse ngati mbuzi kutsikira kumtsinje. Miyala inali youma, popanda phazi lililonse. Atsikana anaima m'mphepete, palibe wofuna kuyamba. A Mailesi anamukankha Yunike pamsana. Mwanayo anaponda mwala woyamba, wachiwiri, analumphira tsidya, ndipo anaima pomwepo pamchenga, aliyense akumuona. Kenako kunamveka kung'ambika. Diresi lobiriwira lija linatseguka kumsana kuyambira pakhosi mpaka m'chiuno, ndipo a Mailesi atawoloka anachita kukweza maso kuti amuone kumaso. Enawo anakhamukira m'madzi osasamala za miyala, ena madiresi akuphulika m'mapewa, ena akuwakwekwereza pansi.

A Gerishon anatsalira tsidya lija, jekete ya mkono umodzi ili paphewa, phazi limodzi pamwala ngati mwana wophunzira kuyenda. Anafunsa ngati Yunike adzabwerenso sukulu ikatsegulidwa, poti ndi mwana wa mutu wabwino. A Mailesi anati akafunse bango lija, poti ndilo liziyeza madiresi tsopano. Anavula mpango wakumutu n'kumufunditsa mwanayo kumsana.

"Nanga ngongole ija, amake Stelia?"

"Yatha, aphunzitsi."

Anamusenzetsa Yunike khasu n'kumuuza kuti afulumire, Lisungwi ndi kutali ndipo nkhuku sanazisiyire munthu.