Gawo la Ogwira Chingwe

A Kenneth Mtalika anabereka ana aamuna atatu, koma Joni inali itameza awiri. Wamkulu ankatumiza chithunzi pa Khirisimasi, winayo ngakhale chithunzicho chinkamulemera. Wotsala anali Yamikani, mzime, amene anakaphunzira za makompyuta ku Blantyre n'kubwerera kwawo ku Chipoka, zimene ana ophunzira sachita kawirikawiri. Chinamubweza chinali chimodzi basi: kompyuta ya Bungwe la Asodzi la Tiyanjane. A Mtalika, omwe anali wapampando wa bungwelo, ankadziwa bwino lomwe kuti tsiku limene kompyutayo idzachoke m'manja mwa mnyamatayo, nayenso adzakwera basi.

Kompyutayo anaisiya azungu a pulojekiti ina atamaliza ntchito yawo. M'mawa uliwonse inkalira pa foni ngati mphaka wopondedwa mchira, kenaka n'kulavula mitengo ya usipa ndi utaka ya m'misika ya ku Lilongwe, moti mavenda a m'tauni anasiya kudyera masuku pamutu amayi a pa doko. Anthu ankaikonda. Ndiye mu 1999, mvula itangotha, pulogalamu yaikulu imene azungu anasiyamo inangozima osadzukanso. Yamikani sanavutitse komiti kuti igule ina. Anaikamo ina yotchedwa Linakisi, imene mnzake wa kusukulu anamutumizira pa sidi, ndipo mitengo inayambanso kubwera monga kale.

Akanangokhala chete, bwenzi nkhani itathera pomwepo. Koma mwana wophunzira akatola chinthu chabwino, pakamwa pamamuyabwa. Aliyense wolowa mu ofesi, ngakhale wongobwera kudzabwereka mpando, ankamva kuti pulogalamuyi ndi yaulere, kuti nyuzipepala za kunja zili pikitipikiti kuilemba, kuti makampani akuluakulu ayamba kuyendetsera makina awo pa iyo, ndiponso kuti ilibe mwini.

Mawu akuti ulere masiku amenewo ankanunkha. Chiyambireni matipate, anthu anali atalandira zitenje, zisoti ndi matisheti aulere okwanira, ndipo aliyense anali ataona kuti woperekayo amabweranso kudzatenga chake. Kuwonjezera apo, wailesi inkangolankhula za makompyuta amene adzasokonekere chaka cha 2000 chikamalowa, ndipo m'maminibasi munali mphekesera za anthu olemera ndi magazi a anzawo. Mayi Pauline Gwaza, omwe ankagula nsomba zambiri kuposa aliyense pa dokopo ndipo pakamwa pawo panalibe chotsekera, analowa mu ofesi tsiku lina kompyuta ikuyaka, n'kuona mbalame pa sikirini.

"Mbalame yanji yokhala pansi ngati munthu?" anafunsa. "Yonenepa chonchi ikudya chiyani?"

"Ndi pengwini, mayi. Ndi chizindikiro chabe," anatero Yamikani akuseka.

Kuseka kumeneko kunafika pa thandala lililonse loyanikira usipa dzuwa lisanapendeke. Pofika Lamlungu mbalame ija inali itamera mano, ndipo ena anali ataimva ikulira pa foni. Komiti inaitanitsa msonkhano wa mamembala onse.

A Mtalika anagwidwa ndi mantha enieni. Akazi awo, Mayi Eveles, sanawanyengerere.

"Abambo ake Yamikani, awiri aja munawaperekeza nokha ku depoti. Uyu mukamuperekezanso, mudzandipeza kwathu kwa Maganga."

Choncho a Mtalika anamukokera mnyamatayo kuseri kwa nyumba. "Mawa uziyankha zimene wafunsidwa zokha. Za makampani akunjazo uzisiye kuno. Wamva?"

"Ababa, palibe choti ndibise. Akangomvetsa, aikonda."

A Mtalika anangopukusa mutu. Iwo anali atakhala pa mpando nthawi yokwanira kudziwa kuti anthu sabwera ku msonkhano kudzamvetsa.

Msonkhano unachitikira mu shedi ya nsomba, kutentha kuli phuliphuli pa malata. Anthu anadzaza mpaka panja. Pemphero lisanathe n'komwe, Mayi Gwaza anali ataima kale.

"Ya azungu ija tinkadziwa kuti inagulidwa, ili ndi eni ake. Iyi ikatilakwira, tikadandaule kwa ndani? Mbuzi yopanda mwini mumailowetsa m'khola mwanu inu?"

"Ichoke!" anakuwa wina kumbuyo.

"Akufuna atigulitse ameneyu!"

"Anakaphunzira zimenezo ku Blantyreko!"

Yamikani anayesa kunena kuti mitengo ikubwera bwinobwino, kuti makinawo sanazimepo chiikireni pulogalamuyo, koma mawu ake anamira m'phokoso. A Mtalika anamenya tebulo. Anaganiza kuti akamufunsa funso lophweka, mwanayo atchula dzina la mzungu mmodzi, anthu apeza mwini, mitima ikhala pansi.

"Tiuze mwachidule. Anaipanga ndani?"

Nkhope ya Yamikani inawala, ndipo bambo ake ataona kuwalako anadziwa kuti alakwitsa.

"Anayambitsa ndi mnyamata wina wa ku Ulaya, koma lero ndi anthu zikwizikwi, m'mayiko onse. Wina amakonza apa, wina amawonjezera apo, osalipidwa. Kuti mumve bwino, zili ngati khoka. Mwini amaponya, koma aliyense wodutsa amagwira chingwe n'kukoka nawo."

Mu shedi munati zii. Mnyamatayo anayesa kuti wawagwira mtima, mpaka anamwetulira.

Iye anakulira m'makalasi, anaiwala zimene ngakhale mwana wa pa doko amadziwa. Munthu amene wagwira chingwe cha khoka sachoka chimanjamanja. Kaya ndi mlendo, kaya ndi chidakwa chimene changokoka kawiri n'kugwa, mwini khoka amamupatsa gawo lake la nsomba, n'kuti, "Tenga, unagwira chingwe," ndipo zatha, palibenso mlandu pakati pawo. A Mtalika ankanyadira kuti pa khoka lawo palibe amene anachokapo wopanda ndiwo. Ndipo wokoka amene wakana nsomba ankaopedwa kuposa wakuba, chifukwa ameneyo ndiye kuti akufuna china chimene sanatchule.

A Idi, wachiwiri kwa wapampando, munthu wosakonda phokoso, ndi amene anafunsa mwaulemu. "Mwanawe, anthu zikwizikwi agwira chingwe chathu. Gawo lawo ndi chiyani?"

"Safuna kanthu, a Idi."

"Wallahi, ine ndakalambira pa nyanja, sindinaonepo munthu wokoka khoka chifukwa chokonda chingwe."

"Chimene amapempha n'chakuti ukakonza kanthu, ugawireko anzako. Inenso ndinakonza kavuto kena ka foni yathuyi, ndinawatumizira."

"Mwamva!" Mayi Gwaza anawomba m'manja kamodzi. "Wayamba kale kutumiza! Ndi zija imalira m'mawa zija! Lero watumiza za foni, mawa atumiza ana athu!"

Shedi yonse inaphulika. Amayi anaimirira, anyamata a m'mabwato anayamba kukankhana kulowera kutsogolo, wina anaponya mutu wa mlamba umene unagwera pa malaya oyera a Yamikani. A Mtalika anamva mkwiyo ndi manyazi pamodzi, koma choopsa chinali chakuti mumtima mwawo funso la a Idi linali lawonso. Iwonso sankakhulupirira kuti pansi pano pali anthu okoka ulere. Komabe anaona njira, ndipo inali njira yabwino, ya anthu. Anatuma anthu awiri kunyumba kwawo, amene anabwera atanyamula dengu lalikulu la usipa wouma, wosankhidwa, umene ankasungira msika wa mwezi wa mawa. Analiika pa tebulo.

"Abale, tamverani! Ngati anthuwa anakoka, tiwapatse gawo lawo mwa mwambo, tisiyane nawo bwino. Usipa uwu ndi wanga, bungwe lisaperekepo kanthu. Akalandira, alibenso chotifunsa. Si choncho, a Idi?"

A Idi anagwedeza mutu kuvomereza. Phokoso linayamba kutsika. Ngakhale Mayi Gwaza anakhala pansi, milomo ili tolotolo. A Mtalika anaona kuti zatheka. Anatembenukira kwa mwana wawo, maso akumuchonderera kuti angotchula malo alionse, kaya ndi Ulaya, kaya ndi bokosi la ku positi ku Lilongwe.

"Yamikani, titumize kuti?"

Mnyamatayo anayang'ana dengulo, anayang'ana bambo ake, kenaka anaseka. Sikunali kuseka kwachipongwe. Anali atatopa, malaya akununkha mlamba, ndipo maganizo a dengu la usipa likukwera ndege anamugonjetsa. Koma anaseka bambo ake pamaso pa doko lonse.

"Ababa, kulibe kotumiza. Alibe ofesi, alibe mudzi umodzi. Ambiri sindiwadziwa n'komwe maina awo enieni. Palibe amene angalandire usipa umenewu."

"Alibe mudzi, alibe maina, sadya usipa," anatero Mayi Gwaza pang'onopang'ono, akuyang'ana anthu mbali zonse. "Wapampando, tidikirenso chiyani? Tivote."

A Mtalika anali m'gulu la anthu amene anavina usiku wonse nyali ya matipate itapambana pa riferendamu, ndipo ndi iwo amene anaumirira kuti m'bungwemo chilichonse chizipita ku voti. Tsiku limenelo anaida voti. Manja anakwera ngati bango, moti panalibe chifukwa chowerengera. Anagamula kuti kompyuta ivundikiridwe ndi chiguduli, itsekeredwe m'kabati mpaka kudzapezeke pulogalamu yokhala ndi mwini, ndipo makiyi a ofesi alandidwe. Amene anatambasula dzanja kulandira makiyiwo anali wapampando. Yamikani anawaika pa tebulo, pambali pa dengu, n'kutuluka osayang'ana munthu.

Sabata yonse bambo ndi mwana anadyera m'mbale imodzi osalankhulana. Pa doko mavenda a m'tauni anayambiranso kutchula mitengo ya m'mutu mwawo, ndipo Mayi Gwaza, omwe ankaluza kuposa onse, ankauza aliyense kuti bola kuluza kusiyana ndi kudyedwa. Mnzake uja wa sidi anamupezera Yamikani malo pa kampani ina ku Lilongwe imene inkafuna munthu wodziwa Linakisi yemweyo. Mayi Eveles anachapa malaya aja, anawasita, anawapinda m'chikwama akulira poyera.

M'mawa wa ulendo a Mtalika sanapite nawo ku msewu. Anazungulirazungulira pa bwalo, kenaka anamangirira dengu lija pa njinga n'kupalasa mwamphamvu. Anapeza minibasi itaima, kondakitala akukankhira chikwama pansi pa mpando. Njira yonse anali atakonza mawu: kuti mtauni ndiwo n'zodula, kuti zinthu zidzazizira, kuti azibwera mwezi ukatha. Koma atatsitsa dengulo n'kuona mwana wawo ataima chilili, nkhope ili gwa, mawu onsewo anathawa, ndipo pakamwa panatuluka amene panazolowera.

"Tenga. Unagwira chingwe."

Anadzimva okha atanena kale. Amenewo anali mawu ouza munthu wodutsa, amene sumuyembekezeranso mawa.

Yamikani anawayang'ana. Kenaka anawerama pang'ono, analandira dengulo ndi manja awiri monga amachitira alendo a pa doko, n'kunena motsitsa mawu, "Zikomo, eni khoka."

Kondakitala anamangirira dengulo pamwamba, chitseko chinatsekedwa, ndipo minibasi inalowera cha ku Salima. A Mtalika anatsala atagwira njinga yopanda katundu, makiyi a ofesi akuwalemera m'thumba.