Chitseko cha M'chipinda Chachitatu

Boma litaganiza zosandutsa nyumba yakale ya pulezidenti wopuma kukhala malo oonetserako mbiri yake, ntchitoyo inagwera mayi wina wamfupi, wosadziwa kusekerera mabwana, amene anzake ankangomutchula kuti Mayi Makiyi.

M'chipinda choyamba anapachikamo zithunzi za ubwana wa mkuluyo, mwana wa telala, miyendo ili mbuu. M'chachiwiri munali misewu, milatho ndi zipatala zimene anamanga. Koma m'chachitatu anaimikamo chinthu chimodzi chokha: chitseko chachitsulo chochokera kundende kumene ankatsekera omutsutsa. Mchimwene wake wa mayiyu, mphunzitsi wa masamu, analowera pa chitseko chotere ndipo sanatulukenso.

Malowo asanatsegulidwe, pulezidenti wopumayo anabwera kudzayendera ali pa njinga ya odwala, mwana wake wamwamuna akukankha. M'zipinda ziwiri zoyamba mkuluyo ankangomwetulira, kuloza mlatho uwu ndi uwo. Atafika m'chachitatu, mwanayo anaima njo.

"Ichi ndiye chiyaninso?" anafunsa.

"Chitseko, bwana," anayankha Mayi Makiyi.

"Ndikuona kuti si firiji. Chikufunanji muno? Bambo anga sakupeza bwino. Chiphimbeni kapena chichoke."

"Anandiuza kuti ndionetse zaka zawo zonse paudindo. Zodumphadumpha sanandiuze."

Mayi Makiyi sanasunthe phazi. Mkulu uja anakweza dzanja kuletsa mwana wake.

"Mayi," anatero ndi mawu osasa, "nthawi imeneyo dziko linali pamoto. Inu simungadziwe kutentha kwa mpando uja. Ine ndinamanga zipatala."

"Munamangadi, bwana, ana anga anabadwira momwemo, ndipo ndazipatsa ulemu wake m'chipinda chapitachi. Koma achimwene anga sanagwire mfuti. Anangofunsa pamsonkhano wa aphunzitsi kuti chisankho chidzakhalako liti. Amayi athu anamwalira akuwasitirabe malaya."

"Anali ndani?"

Mayi Makiyi anatchula dzinalo mokweza, mpaka apolisi amene anali pakhonde anasuzumira. Mkuluyo anakwinya nkhope, nasinkhasinkha, kenako anapukusa mutu.

"Sindikumukumbuka."

"N'chifukwa chake chitsekochi chili pano."

Mwana uja anatembenuza njinga mwaukali moti inakhula khoma. Panja anaimbira foni nduna, mawu ake akumveka mpaka mkati.

Sabata isanathe, Mayi Makiyi anauzidwa kuti ntchito yatha. Chitsekocho anachikwekwerezera kuseri, kumene kunali mipando yothyoka, ndipo m'chipinda chachitatu anaikamo zikho za mpira. Mwamuna wake anamudandaulira kuti, "Amayi a ana, mwachita mbali yanu. Tsopano pumani, anthu awa sachedwa kupsa mtima."

"Ndipuma ndikafa," anatero iye akumanga nsapato.

Tsiku lotsegulira anakaima pamsewu, kunja kwa geti. Basi ya ana asukulu itangoima, anayamba kuwafotokozera za chitseko chimene sakachipeza mkatimo. Wapolisi anamuuza kuti achoke.

"Msewu uno anamangira tonse," anayankha. "Kafunseni eni ake, ali mkatimo."

Wapolisiyo anakanda m'mutu, nabwerera pageti. Mawa lake panabwera nkhalamba ina itanyamula chithunzi cha mwamuna wake, yemwenso anasowera kundende kuja, n'kuima pambali pa Mayi Makiyi. Pofika kumapeto kwa mwezi, oyenda pansi ankachita kulambalala, chifukwa oima pagetipo anali atadzaza njira yonse.